Lole Yonenepa ndi Zala Zinayi

Pamphambano pamene msewu wa phula umasiyana ndi wafumbi pali kashedi ka malata. M'menemo a Chingwe akhala akumata ndi kusintha matayala kwa zaka makumi atatu. Dzinali analipata chifukwa m'thumba la ovolosi yawo simusowa chingwe chakuda ndi mafuta, chokhala ndi mfundo zisanu ndi ziwiri. Anawasiyira ndi mkulu amene anawaphunzitsa ntchito. Mfundo iliyonse ndi muyezo wa chinthu, ndipo yomaliza ndi mamita awiri ndi theka, malire a m'lifupi mwa galimoto yololedwa pamsewu.

"Tepi imapindika n'kunama," ankatero a Chingwe. "Chingwe changa sichinandinamizepo."

Akazi awo ndi telala, ndipo tepi amayenda nayo m'khosi tsiku lonse. Akamva mawuwa amangopitiriza kupalasa makina.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, ndi mphunzitsi pasukulu ina pamwamba pa phiri. Chaka chimenecho mphepo inasasula denga la kalasi yake. Makolo anasonkha n'kugula malata, koma malatawo anangounjikidwa kuseri kwa shedi ya a Chingwe. Msewu wokwera phirilo ndi wa dongo, ndipo mvula yoyamba inali itaufewetsa kale. Panalibe dalaivala wofuna kuyikako galimoto yake. Ana makumi asanu ndi limodzi ankaphunzira akuyang'ana mitambo.

A Chingwe anali ndi lole yakale ya asilikali imene anagula pa okushoni, yobiriwira, yolimba ngati mwala. Vuto linali matayala. Anali opyapyala, akumbuyo awiriawiri, ndipo matope ankalowa pakati pake mpaka lole kumangozungulira pamodzimodzi. Anawachotsa onse n'kuyika akuluakulu asanu ndi limodzi, a mano ngati a thirakitala. Atamaliza anakoka chingwe kuchoka pa tayala ili kufika pa linalo. Mfundo yomaliza inafika ndendende.

Lachiwiri anapita nayo kubwalo loyezera magalimoto, kuseri kwa msika. Woyeza anali mayi wosalankhula zambiri. Anatsamiritsa thabwa pamimba pa tayala mbali iyi, lina mbali inayo, n'kukoka tepi yachitsulo pakati pake.

"Yapitirira, bambo. Masentimita asanu ndi awiri."

"Ndiye zingati zimenezo?"

Mayiyo anawaonetsa zala zinayi.

"Yezaninso, mayi. Ine ndinayeza."

Anayezanso, moleza mtima. "Zomwezo. Chiphaso sindingapereke. Ndidzakhala pano Lachiwiri likubwerali, kenako mpaka mwezi wamawa."

Mwezi wamawa kunali kutali. Pofika nthawiyo mvula ikanakhala itakhazikika, ndipo phirilo silikwereka mpaka dzinja litatha.

Kushedi anapeza alamu awo, owotcherera zitsulo, atakhala pa tayala lakutha.

"Ndamva kuti mkazi wanu wachiwiriyu wanenepa m'chiuno, alamu."

"Musayambe."

"Mukanangowapatsa kangachepe mayi aja. Zala zinayi n'chiyani? Pa thalauza langali zimalowa zisanu."

"Kamlatho ka m'munsi mwa phiri mumakadziwa?" anafunsa a Chingwe. "Kali ndi zitsulo uku ndi uku. Kameneko sikalandira kangachepe."

Akazi awo anali atabweretsa tiyi. Anayika kapu pansi n'kutambasula dzanja.

"Tapatseni chingwecho, bambo a aphunzitsi."

A Chingwe anazengereza, koma anapereka. Mayiwo anachiyala pabenchi, anavula tepi m'khosi, n'kuyeza kawiri monga amayezera nsalu ya ukwati.

"Sichinanamepo, mumatero. Sichinaname ayi, changokalamba. Chatamuka."

Zaka makumi atatu za kukokedwa, kunyowa ndi kumwa mafuta zinali zitasuntha mfundo yomaliza ndi zala zinayi. A Chingwe anachiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza imvi pamutu pa mnzake wa paubwana.

"Bwezerani matayala akale basi," anatero alamu awo.

"Akale sakwera phiri."

"Ndiye tisepe awa ndi mpeni?"

"Ine diresi ikakula sindidula nsalu," anatero mayiwo akutola kapu. "Ndimalowetsa msoko mkati."

A Chingwe anagwada pafupi ndi tayala lakutsogolo. Limu ya loleyo, chitsulo chimene amavekapo tayala, inali ngati mbale yakuya. Momwe anayimangira, kuya kwakeko kunkakankhira tayala kunja. Itatembenuzidwa, tayala likanalowa mkati zala ziwiri. Ziwiri uku, ziwiri uko.

"Alamu, bweretsani jeke."

Inali ntchito ya masiku asanu. Tayala limodzi linkalemera kuposa munthu, ndipo manati ake anali khumi, ena ogwidwa ndi dzimbiri. Ankawamasula ndi sipanala yovekedwa paipi yaitali, alamu awo atayimirira kunsonga kwake akudumphadumpha. Mabowo a malimu anali osemedwa mbali imodzi yokha, choncho anayenera kusemanso mbali inayo, bowo ndi bowo, kuti manati akhale bwino. Tsiku lachitatu msana wa a Chingwe unakana kuwongoka. Anagwira ntchito chowerama.

Loweruka atatsitsa lole pa jeke, anapeza vuto lina. Akakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, tayala lakutsogolo linkakhula sipulingi.

"Mwaona? Chimene mwalowetsa mkati chakumana ndi eni nyumba," anaseka alamu awo.

A Chingwe sanaseke. Anakwawira pansi n'kupeza kabawuti kamene kamaletsa mawilo kukhota kupyola malire. Anakatulutsa pang'ono mbali zonse ziwiri. Tayala linasiya kukhula, koma tsopano lole inkafuna bwalo lonse kuti itembenuke.

"Izikhota ngati nkhalamba," anatero. "Bola ikafike."

Lachiwiri, asananyamuke, anayitana akazi awo kuti ayeze ndi tepi. Anachita zimenezi alamu awo asanabwere.

Kubwalo kuja woyeza anatsamiritsanso matabwa ake. Anayang'ana tepi, anasuzumira kunsi kwa lole, anawauza kuti akhotetse chiwongolero uku ndi uku. Kenako anatulutsa cholembera.

"Yalowa ndendende, bambo. Musayidyetsenso."

Masana omwewo malata anapakiridwa. Pakamlatho kaja alamu awo anatsika n'kumayenda chafutambuyo patsogolo pa lole akukodola ndi manja, ndipo matayala anadutsa osakhudza chitsulo. Pakona yakuthwa ya pakati pa phiri a Chingwe anabwerera m'mbuyo katatu asanakhote. Matope ankafika m'mawondo, koma mano a matayala ankaluma n'kukwera.

Atafika pasukulu, mwana wawo anatuluka m'kalasi yopanda denga choko chili m'manja, ana ake onse ali pambuyo.

"Mwabweradi, bambo."

"Ndinati ndibwera. Akalipentala ali kuti? Mitamboyi sindikuyikhulupirira."

Chingwe chija sanachitaye. Lamlungu anakhala pabenchi, akazi awo atagwira tepi, n'kumasula mfundo zonse zisanu ndi ziwiri ndi nsonga ya msomali. Yomaliza inavuta kwambiri. Anayimanganso zala zinayi m'mbuyo, n'kuyikoka ndi mano kuti ilimbe.