Nkhuku Yanga ndi Malungo a Takondwa

Pamsika wa Mayani palibe wogulitsa amene anandiberapo. Ngakhale wa kaunjika akangondiona amatsitsa mtengo ndisanatsegule pakamwa. Ndiye tsiku limene mwana wathu Takondwa anadzuka thupi lili moto, ndinadziwa kuti zandalama ndi mbali yanga.

"Tipite naye kumishoni, ndi kuseri kwa phiriku," anatero mayi ake.

"Kumishoni amalipiritsa, kwa boma n'kwaulere," ndinayankha. "Inu berekani mwana, zamitengo mundisiyire."

Ndinanyamulanso nkhuku yathadzi yoti ndigulitse pobwerera. Pamphambano wa kabaza wa njinga yamoto anati K6,000. Ndinamufinya mpaka K4,000, iye n'kupukusa mutu: "Madala, inu ndi mavuto."

Msewu unali wamiyala, mphepo ikuluma makutu. Tinadutsa minda ya kachewere, nkhuku ikulongolola kukhwapa kwanga, mwana ali zii kumsana kwa amake.

Tinafika pakachipatala ka bomako dzuwa litakwera, n'kuima pamzere mpaka masana. Namwino anatiuza mwaulemu kuti zoyezera malungo zinatha dzulo lake. "Dikirani mawa, kapena thamangirani kumishoni."

Mayi a Takondwa anangondiyang'ana. Mwana anali atayamba kunjenjemera.

Wa kabaza uja anali akadali panja, akudya chipisi. "Kubwerera mpaka kumishoni ndi K6,000, madala."

M'thumba munatsala zokalipira kuchipatala zokha. "Tenga nkhukuyi, ingothamanga," ndinatero. Kubadwa kwanga konse, aka kanali koyamba kugula chinthu osanenerera.

Kumishoni anamuyeza, n'kupeza malungo, n'kumumwetsa mankhwala pompo. Mtima utakhala pansi, luso langa lonenerera linabwerera. Ndinapita pawindo lolipirira nditavala nkhope yapamaliro.

"Achemwali, chaka chino chimanga chinatikana..."

"Mwanayu ali ndi zaka zingati?"

"Zitatu zokha. Ndiye mtengonso ukhale waung'ono."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Bambo, osakwana zaka zisanu salipira kuno. Tinagwirizana ndi boma, limatilipira lokha. Mukanadwala inuyo, bwenzi tikukambirana."

Madzulo tinabwerera wapansi. Pachitunda Takondwa anadzutsa mutu n'kupempha nthochi. Ndinagula osafunsa mtengo, ndipo anadya ziwiri. Amake anapuma mpweya wautali, n'kunena mawu awo oyamba chichokereni kunyumba: "Zamitengo tikusiyireninso?"

Ndinaphunzira kuti ndizifunsa kaye amene amalipira ndisanakwere njinga. Pamphambano wa kabaza anatikuwira: "Madala, yaikira kale dzira!"

Mwana wachira, chipatala sichinandilande ngakhale kobiri, nkhuku ili kwa eni ake atsopano. Inuyo mukuona kuti anapambana ndani?