Nyuzipepala za Namasamba

Akazi anga anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri m'chipinda chimodzi, kuumitsa masamba. Anthu akamva choncho amaganiza za ndiwo, koma ayi. Ndikunena maluwa a m'tchire, udzu, timitengo taminga, zinthu zoti mbuzi yanjala ingadutse osacheuka. Ofufuza a kuyunivesite ankakatola kuphiri, iwo n'kulandira, kuyala pakati pa nyuzipepala, kufinya m'matabwa awiri omanga ndi malamba, ndipo zikauma kumata papepala lolimba n'kulembapo nambala. Matabwawo ndinapala ndine, poti ndine kalipentala. Ndinapita kukapereka matabwa, ndinabwerako ndi mbeta. Kuntchitoko anawapatsa dzina loti Namasamba, ndipo linakakamira mpaka ana athu amawaitana choncho.

Anali ndi chizolowezi chimene anzawo ankachiseka. Chomera chikauma, nyuzipepala ija ena amataya. Iwo pepala limene lakhudzana ndi chomeracho ankalilemba nambala ndi pensulo m'mphepete, n'kulisunga. Chinayambitsa ndi manyazi. Chaka chawo choyamba anasokoneza manambala a zomera ziwiri, ndipo pulofesa wa nthawi imeneyo, amene onse ankangowati Azipewa chifukwa sankavula chipewa ngakhale pakudya, anawakalipira pamaso pa anthu. Akazi anga anafika kunyumba maso ali psuu, n'kulumbira kuti kuyambira tsikulo chomera chilichonse chizikhala ndi mboni. Nyuzipepala sizinkasowa. Azipewa ankagula imodzi m'mawa uliwonse popita kuphiri, kuwerenga m'galimoto, n'kudzaiponya patebulo pamodzi ndi zomera za tsikulo.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pamene Azipewa ankatisiya, makatoni anali atafika kudenga.

Kutatsala chaka kuti akazi anga apume pantchito, kunabwera bwana watsopano, munthu wa makompyuta ndi nsapato zowala. Analowa m'chipindamo, kununkhiza, n'kunena kuti zomera zonse zijambulidwa zithunzi, koma zinyalala zili pakonazo ziwotchedwe zisanaitane chiswe. Mawu oti zinyalalawo anawalasa mtima. Sanayankhe, chifukwa si munthu wolongolola pantchito, kulongolola amasungira ine. Lachisanu masana ndinangoona lole itaima pakhomo.

“Amisiri, sunthani matabwa anuwo,” anatero akazi anga akutsika.

“Amake mwana, muno ndi mogwirira ntchito, si modyera makoswe.”

“Zaka zanga zonse zili m'makatonimu. Mukufuna nanunso muzitche zinyalala?”

Ndinasuntha matabwa. Makatoni makumi awiri ndi asanu ndi awiri, chaka chilichonse cholembedwa pamwamba, anandilanda theka la shedi, moti popala thabwa lalitali ndinkachita kutulutsira mbali ina pawindo.

Tsono apa ndiulule. Kalipentala ndi nyuzipepala ndi pachibale. Kabati ukamaliza umayala mapepala m'madilowa kuti vanishi asadetse zovala za mwini. Ndinkayang'ana phiri la mapepala lija n'kumati, awa angawerenge liti? Ndinatsegula katoni imodzi yapansi, yosaonekera, n'kumasololamo pang'onopang'ono. Safunsa anadya phula.

Patapita miyezi isanu kunafika mlendo, mayi wachitsikana wa chikwama kumsana, akuti ndi dokotala. Ndinayamba kumufotokozera za bondo langa, akazi anga n'kundiponda phazi: anali dokotala wa zomera. Atakhala pansi anafotokoza chimene anadzera. Kuphiri kuja kuli kaduwa kofiirira komera m'ming'alu ya miyala, kadzina kachilatini koti lilime langa silingakwanitse. Iye ankaganiza kuti chifukwa dziko likutentha, kaduwako kakumasula msanga kuposa kale, ndiponso kakuthawira kumtunda kozizira. Malo anali nawo, popeza Azipewa ankalemba bwino pamene atola chomera. Koma pa tsiku ankangolemba chaka basi. Mwezi ndi tsiku ankalemba m'kabuku kawo ka m'thumba, ndipo kabukuko palibe akudziwa kumene kanapita.

“Popanda masiku ntchito yanga yafa, amayi,” anatero. “Alonda andiuza kuti mwina inu mungakumbukireko.”

Akazi anga anadzuka n'kulowa m'shedi. Anabwera ndi pepala lachikasu, lokhala ndi chithunzithunzi cha kaduwa chodindika pakati pa nkhani ya mpira. M'mphepete munali nambala ya pensulo. Pamwamba, monga nyuzipepala iliyonse, panali tsiku, mwezi ndi chaka.

Adokotala anayang'ana pepalalo, kuyang'ana akazi anga, kenako anakuwa ngati aona njoka. Nkhuku zinabalalika pabwalo.

Anakhala m'shedi mwanga milungu iwiri, awiriwo, wina kutchula nambala, wina kulemba. Ine ndinkawaphikira tiyi mwakhama lodabwitsa, mtima uli m'mwamba, chifukwa ankatsika ndi makatoni aja kulowera pansi. Tsiku lachisanu ndi chinayi anaifika katoni yanga. Inali yopepuka ngati chisa cha mbalame. Ndipo mwa zaka zonse, chinali chaka cha chilala chachikulu, chimene adokotala ankachifuna kuposa zina.

“Makoswe,” ndinatero.

“Makoswe otsegula katoni n'kutsekanso bwinobwino?” anafunsa akazi anga. “Amisiri, ndiyang'aneni.”

Zaka zonse takhala limodzi, nkhope imeneyo ndinali ndisanaione. Sanakwiye, anangooneka ngati munthu woberedwa ndi m'bale wake. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe. Ndinaulula zonse, ndi kumene kunapita makabati komwe: ina kwa aphunzitsi opuma, ina kwa anamwino, yachitatu kwa mlamu wanga.

Mawa lake tinauyamba atatu, ine patsogolo ngati wakuba wokalozera katundu. Tangoganizani kugogoda pakhomo pa munthu n'kunena kuti, “Pepani amayi, tingaone nawo pansi pa zovala zanu?” Anamwino anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anatulutsa madilowa onse n'kukhuthulira pabedi. Aphunzitsi anayamba atifunsa mafunso ngati mayeso, ndipo atamvetsa anakana kupereka mapepalawo asanawerenge kaye nkhani zake. Tinadikira ola lathunthu akutiuza mitengo ya sopo ya chaka chimenecho. Mlamu wanga yekha ndiye anali atayatsirako mbaula. Mwa mapepala makumi anayi amene ndinasolola tinapeza makumi atatu ndi limodzi, ndipo adokotala anati akwanira. Akazi anga anati sakwanira, ndipo sanandiyankhule mpaka Lamlungu.

Zotsatira zinatuluka chaka chisanathe. Kaduwa kaja masiku ano kamamasula pafupifupi milungu itatu msanga kuposa pamene akazi anga ankayamba ntchito, ndipo m'munsi mwa phiri, mmene Azipewa ankakatola osatuluka thukuta, mulibenso ndi kamodzi komwe. Ndinafunsa adokotala kuti kakadzafika pansonga kadzathawira kuti. Anati funso limenelo ndi limene likuwasowetsa mtendere onse.

Anatiitana kuholo ya kuyunivesite tsiku lofotokoza zimenezi. Ndinavala jekete la ukwati wa mwana wathu, losatsekeka pamimba. Akazi anga analowa n'kulunjika kumpando wakumbuyo, pafupi ndi khomo, chifukwa zaka zonsezo muholomo ankalowamo pokhapokha akatumidwa kudzapereka kanthu. Adokotala anatsika pansanja, kuwagwira dzanja, n'kuwakokera kutsogolo. Kenako pakhoma panaoneka pepala lachikasu lija, lalikulu ngati chitseko, nambala ya pensulo ili m'mphepete m'kalembedwe kawo kopendama.

“Masiku onse amene ndikuonetseni lero,” anatero adokotala, “anasunga ndi mayi awa.”

Anthu anaomba m'manja, ine kuposa onse, mpaka wina anandicheukira. Ndinawanyadira akazi anga, ndipo ndinadziwa kuti ndinatsala pang'ono kuwalanda tsiku limeneli chifukwa cha madilowa.

Pomaliza bwana uja anabwera pamene tinaima. Anayamba wakhosomola kaye.

“Amayi, tinakulakwirani. Tikupempha mapepala aja abwerere. Tiwakonzera chipinda chawochawo, ndipo tikufuna mutatsala chaka china kuti muphunzitse anzanu kasungidwe kake.”

Akazi anga anayang'ana pansi, ndipo ndinaopa kuti alira pagulu.

“Abwana,” anatero, “tsiku lija munati ndi chiyani?”

“Ndinati zinyalala, amayi.”

“Nanga lero?”

“Lero ndi umboni.”

“Chabwino. Lole ibwere Lolemba. Koma ponyamula ndikhalepo ndekha.”