Mkamwini ndi Makina Opumira

Ku Magomero mukafunsa za mayi Nester Kalinde, anthu amayamba ndi nandolo wawo, kenako amatsitsa mawu n'kunena za mkonono. Nandoloyo amalima wambiri ndithu, mayi wamasiye koma munda wawo umachititsa manyazi abambo ena. Mkononowo ndiye unali mtanda wawo. Amayi a Mvano akapita kogonera kumsonkhano, aliyense ankakokera mphasa kutali nawo, ndipo iwo ankadziwa chifukwa chake. Mwamuna akaliza mkonono amati watopa ndi ntchito, koma mzimayi amamuseka mpaka kumjigo. Zinafika poti anasiya kugona pamaliro, n'kumanamizira mwendo.

Atayamba kusinza masana ali chikhalire pamsika, mwana wawo wamwamuna wa ku Joni anawakakamiza kupita kuchipatala ku Blantyre. Kumeneko anawauza kuti akagona njira ya mpweya imatsekeka, ndipo amasiya kupuma kambirimbiri osadziwa. Mwanayo anatumiza makina aang'ono, osaposa wailesi, opopa mpweya kudzera m'paipi mpaka pachophimba cha kumphuno. Sola ndi batire anamangirira ndi Francisko, mkamwini wawo wa ku Likoswe, yemwe anakwatira mwana wawo Mtisunge n'kumanga nyumba kuseri kwa khola.

Mayi Kalinde ndi munthu wa mwambo, ndipo amadzitama nazo. Chilowereni Francisko pakhomopo, anali asanayang'anizane naye maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chimanga. Chilichonse chinkadzera mwa Mtisunge, ngakhale kubwereka khasu. Tsiku lolumikiza mawaya kuchipinda kwawo, iwo anakaswera kwa mlongo wawo, a Jacob, mpaka ntchito itatha.

Makinawo anawazunza. Kukoka mpweya kunalibe vuto, koma kuutulutsa kunali ngati kupuma uli pamwamba pa lole yothamanga, mphepo ikukubwezera mpweya m'mphuno. M'mawa ankapeza chophimba chija chili pansi, mutu ukuwawa ngati kale. Anadandaulira Mtisunge kangapo. Tsiku lina Francisko, yemwe amachita kabaza wa njinga yamoto, anapempha makinawo kudzera mwa mkazi wake, napita nawo ku Blantyre, n'kubwera nawo madzulo. Uthenga umene unafika kwa apongozi unali waufupi: akuti akonza.

Atawavala anazindikira kuti asintha. Akamakoka mpweya makinawo ankapopa bwinobwino, koma akangoyamba kutulutsa ankafooka ngati munthu wanjala, kenako n'kudzukanso. Tulo ankagona mpaka tambala, mutu unasiya kuwawa, koma zimenezo anati ndi kuzizira kwa mwezi wa Juni. Maganizo awo anali pena. Chinthu chabwera ndi mphamvu zake kuchokera ku Joni, chadutsa m'Limbe m'manja mwa wakabaza, chabwerera chofooka. Ndani sadziwa kuti m'tauni wailesi imalowa yabwino n'kutuluka ndi zitsulo zakutha m'mimba? Mtisunge anayesa kuwauza kuti ndi adokotala anachita zimenezo, koma anamudula pakamwa.

"Dokotala wanji angachepetse mphamvu ya makina a munthu wodwala? Iwe ukungomuikira kumbuyo mwamuna wako."

Akanatha kuima kuseri kwa chitseko n'kumufunsa mwini wake, poti nyumba zawo zinali zoyandikana. Koma apongozi safunsa mkamwini, ndiye anatuma a Jacob. Kandimverere anakanena za m'maluwa. A Jacob, omwe mlandu amaukonda kuposa ndiwo, sanakafunse kanthu, anangoitanitsa ankhoswe. Anthu anadzaza pansi pa mango, ndipo mawu oti kuba ananenedwa poyera. Francisko anafotokoza kamodzi kokha, mutu uli pansi, ndipo ataona kuti palibe akumumvera anati ngati apongozi akumuona ngati wakuba, sangadyenso pakhomo pawo. Anamanga zida zake panjinga, nabwerera kwawo ku Likoswe.

Mtisunge anatsala ndi mwana wakhanda kumsana. Sanatukwane, sanalire pamaso pa mayi ake, ankangowapatsa moni ngati mlendo. Nandolo atayamba kuuma kunamveka kuti abale a Francisko akunena kuti ukwatiwo watha, ndipo akumuyang'anira mkazi wina kwawoko. Mayi Kalinde anachita mantha, koma anadzilimbitsa mtima kuti mbava ndi mbava.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala litafika, anapita ndi makinawo atawakulunga m'chitenje, mtima uli pokapeza umboni. Anauza dokotala, mtsikana wamng'ono kwa Mtisunge, kuti makinawo anabedwa zitsulo. Dokotalayo anadinadina timabatani, namwetulira.

"Palibe chabedwa, amayi. Ndinasintha ndine. Makinawa ali ndi poti akamva kuti mukutulutsa mpweya amachepetsa mphamvu pang'ono, kuti musamalimbane nawo, ndipo mukayamba kukoka amaibwezeretsa. Poyamba pamenepo panali pozimitsa. Anabwera mwana wanu uja wa njinga, anakhala pamzere tsiku lonse, n'kundichonderera kuti amayi akuvutika."

Pofuna kuti akhulupirire, anazimitsanso pamenepo, nawaveka chophimba chija masanasana. Mphepo ya palole ija inabwerera yonse. Mayi Kalinde anachivula msanga. Dokotala akuyatsanso anafunsa kuti mnyamata waulemu uja ali bwanji, ndipo iwo anayankha kuti ali bwino, maso ali pasimenti.

M'minibasi anadzifunditsa chitenje kumutu ngati wamalungo. Manyazi a mkonono anali aang'ono, poti mkonono sanaupemphe. Awa anali opanga okha, ndi pakamwa pawo, pamaso pa mudzi wonse. Anakumbukira nkhope ya Mtisunge tsiku limene anamudula mawu, ndipo analakalaka minibasiyo ikanangopitirira osaima.

Ulendo uno sanatume munthu. Kutacha analawirira ku Likoswe, namupeza Francisko akumanga nyumba kuseri kwa ya mayi ake, khoma litafika kale pazenera. Atawaona anaika njerwa pansi kuti azembere kuseri, monga mwa ulemu wake. Mayi Kalinde anagwada pabwalo pomwepo, mayi ake a mnyamatayo ndi anthu oyandikana nawo akuonerera, natchula dzina lake koyamba chikwatireni mwana wawo.

"A Francisko, musandithawe. Ndinakunamizirani. Simunabe kanthu, munandithandiza ine wosayamika. Bwererani kwa mkazi wanu."

Francisko anapukuta dothi m'manja. Poyankha anayang'ana kumbali, ndipo mawu ake analibe ukali.

"Ndamva, amayi, ndipo ndakhululuka. Dzukani, musagwadire mwana. Mkazi wanga ndimamufuna. Koma uko sindingakhalekonso, anthu akandiona amabisa mafoni awo. Mtisunge abwere kuno."

Kwawo kwa mayi Kalinde mwana wamkazi sachoka pamudzi. Munda wa nandolo uja unali kudikira Mtisunge, ndipo ndi iye amene akanawatungira madzi miyendo ikadzakana. Likanakhala tsiku lina akanakana za chitengwa mpaka mawu kusasa, a Jacob ali pambali. Koma pakamwa pokanira anali atapawononga okha pansi pa mango paja. Anayang'ana khoma latsopanolo, nayang'ana mayi ake a Francisko.

"Ndikamuthandiza Mtisunge kumanga katundu," anatero mayi Kalinde.

Anadzuka movutikira, nakana mpando ndi madzi omwe anawapatsa. Anangopempha kuti wina awaperekeze mpaka pamsewu, chifukwa njira sankaionanso bwino.