Esitele ndi Mlandu wa Wotchi Yagolide

Pamsika wa pa Boma ku Mchinji, mukafunsa za Esitele wa kaunjika, munthu amayamba waseka kaye asanakulozereni. Mayiyu anabadwira ku Kapondo, ndipo banja litatha anafika pa Boma ndi belo limodzi la zovala za ana. Chimene amanyadira kwambiri ndi maso ake. Amati wakuba amamudziwa asanakhudze n'komwe malaya.

Tsiku lina akumasula belo la majekete, anapeza kachipangizo ka magemu m'thumba la jekete lina. Cyprian, wokonza mafoni pa benchi yoyandikana nayo, anakapangira chaja, kanthu kaja n'kuyaka. Munali gemu ya wapolisi wofufuza milandu: umayendayenda m'nyumba ya azungu, kutola zizindikiro, kupanikiza anthu ndi mafunso, pomaliza n'kuloza mbava.

Esitele anapenga nayo gemuyo. Makasitomala ankadziyeza okha majekete, mwini wake ali weramu, zala zili pa mabatani, akukuwa kuti, "Ndakugwira, galu iwe!" Chingerezi chikalimba Cyprian ankamumasulira, koma kuganiza kunali kwa Esitele, ndipo milandu inkagwa umodzi umodzi. Msika wonse unayamba kumutchula kuti Bwana Si-ayi-di, iye n'kumayankha ndi saluti, mano onse ali pamtunda.

Komatu Cyprian kachipangizoko ankakasirira mumtima.

"Amayi, watsala mlandu umodzi, wa wotchi yagolide," anatero. "Mukaloza munthu wolakwika, gemu ikhala yanga."

"Achimwene, inu konzani mafoni. Zogwira mbava tisiyireni eni ake."

Anagwirana chanza, azimayi ogulitsa tomato akuchitira umboni.

Oganiziridwa anali awiri. Woyamba anali bambo wosamalira maluwa, amene akafunsidwa ankamuyang'ana wapolisi m'maso, manja ali m'chiuno. Winayo anali mtsikana wantchito, wa mawu otsika, nkhope ili pansi nthawi zonse. Gemu inalemba kuti mtsikanayo akuzemba maso. Cyprian, poopa kuti angadzamunene zachinyengo, anamumasulira Esitele mawuwo kawiri.

"Nanga mumati atani?" Esitele anafunsa. "Mwana woleredwa bwino satong'olera wamkulu maso. Uyu ndi wakwathu weniweni, akanakhala pano ndikanamupatsa mwana wanga wamwamuna. Koma tamuonani winayu, ulemu alibiretu, ngati analeredwa ndi mbuzi!"

Azimayi a tomato anagwirizana naye, ena nthungululu atayamba kale. Esitele anaimirira, anamanga chitenje bwinobwino, anakweza kachipangizoko kuti aliyense aone, n'kudina bambo wa maluwa uja.

Kachipangizoko kanalira kulira kwachisoni. Pa sikirini panaoneka mtsikana waulemu uja akusolola wotchi m'thumba la epuloni, akuseka, n'kudumpha pawindo.

Msika unaphulika ndi kuseka. Cyprian anagwa pa benchi misozi ili chuchuchu, wina wa tomato anagubuduza beseni lake osadziwa. Esitele nayenso anaseka mpaka kugwira nthiti, koma mumtima zinamupweteka ndithu, ndipo sanabise. Anapukuta kachipangizoko ndi nsonga ya chitenje n'kukaika m'manja mwa Cyprian.

"Tengani, achimwene, ndi kanu," anatero. "Gemu sindikuidandaula. Koma mtsikana ameneyu ine ndinamuikira kumbuyo pagulu ngati wobereka ndekha."