Mbawa ya kumutu kwa munda

Munda umene ndakalambira uli m'tsinde mwa phiri, kuseri kwa Ntaja. Unali wa amayi anga, ndipo amuna anga anaupeza pobwera kuchikamwini. Kumutu kwake kunali mbawa yaitali, ndipo pamwamba pake ziombankhanga ziwiri zinaunjika chisa cha nkhuni. Sindinkazikonda, chifukwa zinkanditengera nkhuku. Koma ndiwo yake yeniyeni inali apusi a m'phirimo. Chiombankhanga chikangolira m'mwamba, apusi ankathawira m'mapanga, ndipo chimanga chathu chinkacha popanda wolinda.

Masiku amenewo boma linkatama achikumbe, alimi otsatira malangizo amakono. Mlangizi anabwera pa njinga, nayendera munda wonse, nanena kuti m'munda wa mchikumbe simukhala mtengo kapena chitsa. Amuna anga anali munthu wabwino, koma wokonda kuomberedwa m'manja pamsonkhano.

"Bambo, mtengowo amayi anausiya dala," ndinawauza.

"Iyayi, mayi, mthunzi ukutidyera chimanga," anatero iwo. "Mufuna tife ndi ulimi wamakolo? Ndiye nkhuku zanu mwaiwala?"

Pa nkhukupo anandipeza. Anaitana azilamu awo, nkhwangwa zinalira, mbawa inagwa ndi chisa chomwe. Mbalame zija zinazungulira pamwamba pa chitsa kwa kanthawi, kenaka sitinazionenso. Satifiketi ya uchikumbe inabweradi, tinaipachika pakhoma. Tsoka lake apusi sadziwa kuwerenga.

Chaka chomwecho anatsika, mtundu wonse, ana ali kumimba. Pusi sadya chinsonkho n'kumaliza. Amaluma kamodzi, n'kutaya, n'kuthyola china. Amuna anga anandimangira chilindo, kansanja ka udzu pakati pa munda, iwo n'kumapita kumisonkhano ya achikumbe kukaphunzitsa anzawo. Wolinda ndinali ine. Chimanga chikangomasula ngayaye, ndinkakwera pachilindo kum'mawa n'kutsika dzuwa litalowa, ndikumenya chitini, ndikukuwa mpaka mawu kusasa. Ukathamangira uku, iwo alowera uko. Ukangosinza, nkhokwe yapungula, ana adzagona ndi njala. Mwezi wa Ramadani ukagwera nyengo imeneyo, ndinkakuwa kukhosi kuli gwa, osameza ngakhale dontho la madzi. Maliro ndinkapita mothamanga, maukwati ambiri ndinangomva kwa anthu. Ndinatopa, ndipo kutopako sikunachokenso m'mafupa.

Amuna anga sanavomere kulakwa kwawo ndi pakamwa. Koma atayamba kudwala, tsiku lina anayang'ana kuphiri nati, "Mawu a akulu akoma akagonera." Ndinanyamula chitini changa n'kupita kumunda.

Iwo anamwalira, ana anakula, satifiketi inadyedwa ndi chiswe. M'khwawa la m'phiri, momwe a zankhalango ankaletsa nkhwangwa, mitengo inatalika pang'onopang'ono. Masana ena ndili pachilindo, imvi zitayamba kale, ndinamva kulira kuja m'mwamba. Ndinayesa makutu akundinamiza. Koma apusi amene anali m'malire mwa munda anataya zimene anagwira, nabalalika kukwera phiri. Nditakweza maso ndinaona ziombankhanga ziwiri zikuzungulira.

Ndinkaganiza kuti tsiku lotere ndidzalulutira. Ayi ndithu. Ndinangoika chitini pansi, n'kuyala chitenje, n'kugona tulo dzuwa lili paliwombo, chimanga chili poyera.

Patapita masiku, nkhuku yanga yamawanga inasowa. Nthenga zake ndinazipeza kuseri kwa nkhokwe. Ndinazisesa, osatukwana.