Nyali za Kombi ya a Wilmar

A Wilmar Techera akhala m'kombi zaka khumi ndi zinayi. Akazi awo atamwalira anagulitsa nyumba ya ku Lascano, n'kuika bedi ndi kasitovu kumbuyo kwa galimotoyo, n'kuyamba kuzungulira m'misika ndi tchizi ndi uchi. Mwana wawo Marisa anawakonzera kachipinda ku Montevideo kalekale. Iwo ankati tsiku limene adzasiye chiwongolero ndi limene adzalowe m'kachipindako, ndipo tsikulo silidzafika iwo akadali moyo.

Ine ndine Anibal, ndimakonza magetsi a galimoto. Kombi imeneyi ndimaidziwa waya ndi waya. Kuno nyali zimayenera kuyaka ngakhale masana, ndiye mababu sachedwa kupsa. Kale a Wilmar ankabwera kawiri pachaka. Chaka chatha anayamba kubwera mwezi ndi mwezi.

"Iwe Anibal, wandiikira makandulo kapena?" ankatero akutsika.

Ndinasintha mababu. Ndinapukuta magalasi. Mawaya akale ndinawazula, n'kukoka ena onenepa kuchokera ku batire. Anabwerabe. Ankati kukangochita mitambo kapena chifunga, msewu umasowa. Komatu oyendetsa malole ankandidandaulira kuti kombi ya madala aja ikuwathobwa m'maso dzuwa likuswa mtengo. Nditawauza a Wilmar, anati anyamatawo amawaphethirira nyali powapatsa moni.

Ndinadziwa kuti vuto si nyali. Ndinangokhala chete, n'kumasintha mababu abwinobwino. Ndimachita nazo manyazi.

Lachiwiri lapitali masana anafika kalilole wakumanja atathyoka. Chimene anagunda sananene, inenso sindinafunse. Tinalowetsa kombi m'shedi n'kutseka chitseko kuti muchite mdima, monga timachitira poyesa nyali pakhoma lojambulidwa mizere ya choko. Iwo anaima pambali, chikho cha tiyi wa kuno wotchedwa mate chili m'manja. Ndinayatsa zonse, zazing'ono ndi zazikulu zomwe. Khoma linayera mbee, ine mpaka kutsinzina.

"Eya, tsopano tayatsa zazikulu tione," anatero.

"Ndi zimenezi, madala."

"Usandiseweretse iwe. Zazikulu ndati."

"Zayaka zonse. Palibenso zina zoti ndingaike."

Anayang'ana khomalo nthawi yaitali. Sanakalipe, sanausenso moyo. Anamwa tiyi wawo, amene anali atazizira kale. Ndinkayembekezera kumva chisoni kapena kupepukidwa, koma mumtima munalibe kanthu. Ndinangokhala pampando wa dalaivala, dzanja lili pa switchi.

"Zimitsa, ungathe batire," anatero.

Ndinazimitsa n'kukatsekula chitseko. Anatuluka pang'onopang'ono akupapasa m'mbali mwa kombi, n'kukhala pa tayala lakale panja. Anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa foni ndi kapepala kopindapinda, n'kundipatsa zonse ziwiri.

"Nambala ya Marisa ili pamenepo. Imba ndiwe. Ine ndinasiya kuiona chaka chatha."