Utsi wa Pansi pa Mpando

Lole ya fodya yandidutsa lero, ndipo utsi wake wandikumbutsa amalume anga. Atangoikitsa ekizozi yatsopano, paipi yotulutsira utsi, pa lole yawo, anayamba kumafika kwa agogo, amene ankandilera, akudandaula mutu ndi chizungulire. Matenda a malemu mayi anga anayambanso choncho. Ndinkangowayang'ana amalume, osauza munthu mantha anga.

Tsiku lina makaniko wa kwa Wimbe anabwera kudzaona loleyo kwa agogo, tonse tikuonerera. Anatseka kukamwa kwa paipi ija ndi chisanza, injini ikulira. Utsi unafuka pansi pa mpando wa dalaivala.

"Matenda anu ndi awa, achimwene! Apa sipanagwirane," anatero akumanga mabauti.

"Ndiye amalume safa?" ndinafunsa.

Onse anaseka, kupatula agogo, amene anangondikokera pachifuwa. Ndazindikira nditakula kuti nawonso ankaopa zomwezo.